MAKINA A M'KALASI NDI MWANA WOTSALIRA PA KUŴERENGA

M'kalasi iliyonse ya sukulu ya pulaimale m'dziko muno muli mwana wina amene aphunzitsi samudziŵa bwino, ngakhale dzina lake amaliitana m'maŵa uliwonse. Mwanayu sasokosa, sachita ndeu, ndipo sajomba kaŵirikaŵiri. Amakhala chakumbuyo pafupi ndi khoma, kapena pakati penipeni pa gulu pamene diso la mphunzitsi silifikapo msanga. Anzake akamaŵerenga mokweza zimene zalembedwa pa bolodi, iyenso amagwedeza milomo natsatira mau ao pambuyo pang'ono, monga achitira mlendo amene sadziŵa nyimbo ya m'tchalitchi. Akauzidwa kuti akopere, amakopera bwino lomwe, chilembo ndi chilembo, monga mai apeta maluŵa pa nsalu. Koma wina atamtengera pambali namuonetsa mau atatu okha amene sadanenedwe m'kalasimo, mwanayu angoŵerama n'kuyamba kukanda pansi ndi chala cha kuphazi.

Ana otere si oŵerengeka ai. Kafukufuku amene ofesi ya boma yoŵerenga anthu ku Zomba idachita m'zaka za 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF adapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndiwo adatha kuŵerenga kankhani kafupi ndi kuyankha mafunso pa zimene adaŵerengazo. Lipoti la World Bank la chaka cha 2018 lidaika Malaŵi pakati pa maiko ovutikitsitsa pa nkhaniyi, poti mwa ana 10 a mu Sitandade 2, pafupifupi 9 sadathe kuŵerenga ngakhale liwu limodzi la m'kankhani kamene adapatsidwa. M'maiko olemera mwana wotsalira pa kuŵerenga amapatulidwa kuti apatsidwe mphunzitsi wakewake, chifukwa otere amakhala aŵiri kapena atatu m'kalasi. Kuno kwao kwa Achewa, Atumbuka ndi Ayao, wopatulidwa akadakhala mwana wodziŵa kuŵerengayo, pakuti ndiye wosoŵa.

Chodabwitsa n'chakuti Chicheŵa si chilankhulo chovuta kuŵerenga. Mwana wa ku England amalimbana ndi Chingerezi m'mene chilembo chimodzi chimatha kumveka mwa njira zitatu kapena zinai, ndipo mau ambiri ayenera kungoŵaloŵeza pamtima. Chicheŵa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi mau onse amalembedwa monga momwe amatchulidwira. Mwana akangogwira chinsinsi chakuti m ndi a zipanga ma, ndi kuti ma ndi la ndi ta zipanga malata, khomo lamtsekukira. Zotsala ndi maphatikizo olemera monga ndwa, mphwa ndi nkhwa, amene amagonja ndi kuzoloŵera. Akuluakulu ambiri amene adayambira pa buku la Sosa, ena akulemba ndi chala pa mchenga, adagwira chinsinsichi asanathe zaka ziŵiri pa sukulu. Tsono ngati mwana akhala zaka zinai osachigwira, mlandu suli pa chilankhulo, ndipo kaŵirikaŵiri suli pa mutu wa mwanayo.

Gwero la vutoli likudziŵika. Boma la a Bakili Muluzi litathetsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chidali chinthu chokoma, ndipo palibe kholo limene lingafune kubwerera kumbuyo. Komatu walira mvula walira matope. Aphunzitsi pafupifupi 20,000 adalembedwa ntchito asanaphunzire uphunzitsi mokwanira, makalasi adasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo mabuku sadakwanire. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azisamala ana 60, koma mu Sitandade 1 ndi 2 si zachilendo kupeza ana opitirira 100. Masamu ake ndi osavuta: phunziro la mphindi 30 ligaŵidwe kwa ana 120, mwana aliyense apeza masekondi 15. Mphunzitsi sangachitire mwina koma kuŵaŵerengetsa mwachigulu, iye anene iwo abwereze. Kwa munthu wodutsa pa mseu, kalasi yotere imamveka ngati ikuphunzira kwambiri; koma m'phokoso limeneli ndimo mwana uja amabisala zaka ndi zaka.

Ndipo kutsalira kumeneku kumabala kwina. M'chaka cha 1986 katswiri wina wa za maganizo a munthu, a Keith Stanovich, adalongosola zimene aphunzitsi akale ankaziona ndi maso: mwana amene wagwira msanga kuŵerenga amakukonda, naŵerenga zambiri, napeza mau atsopano amene amampeputsira kuŵerenga kwa maŵa; pamene mnzake amene wavutika poyamba amakuthaŵa, ndipo pothaŵapo amasoŵa kuzoloŵera kumene kukadamchiritsa. Mpata wa pakati pa aŵiriŵa umanka nukula chaka ndi chaka. Pamwamba pa izi pamabwera manyazi. Mwana wa zaka 7 akalakwa anzake naseka, maŵa waiŵala. Mtsikana wa zaka 13 amene wabwereza kaŵiri Sitandade 3, thupi layamba kusinthika, akasekedwa ndi tiana tofika m'chiuno mwake, sabwereranso. Makolo amati wakana sukulu, aphunzitsi amati ndi waulesi, chonsecho iye wangotopa ndi kunamizira.

Apa ndipo paloŵera makina amene akutchedwa tabuleti, ofanana ndi sileti imene agogo ankalembapo, koma olankhula ndi oonetsa zithunzi. M'mwezi wa September chaka cha 2023 Unduna wa za Maphunziro udayamba ntchito yodziŵika ndi dzina lachidule lakuti BEFIT m'sukulu 500, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Cholinga chimene chidalengezedwa n'chakuti pofika 2029 makinaŵa akhale atafika m'sukulu zonse za boma za pulaimale, zimene zili pafupifupi 6,000, ndi kuti ana onse a Sitandade 1 mpaka 4, opitirira 3.5 miliyoni, aziphunzirapo kuŵerenga ndi masamu. Popeza kalembera wa 2018 adaonetsa kuti nyumba 11 zokha mwa 100 zidali ndi magetsi, sukulu iliyonse imapatsidwa sola yotchajira makinawo, ndipo makalasi amalandirana, ena m'maŵa ena dzuŵa litakwera.

Ntchitoyi sidagwe kuchokera kumwamba. Bungwe la onebillion, la ku London, lidayamba ndi phunziro la masamu m'Chicheŵa, ndipo m'chaka cha 2013 a Nicola Pitchford a ku yunivesite ya Nottingham adaliyesa pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 adagaŵidwa m'magulu mwa maere, ndipo patatha milungu 8 ya mphindi 30 pa tsiku, amene adagwiritsa ntchito phunziro la pa makinalo adaposa anzao pa masamu. Pambuyo pake VSO idafalitsa njirayi m'sukulu zina, ndipo phunziro la kuŵerenga lidaonjezedwa. M'chaka cha 2019 onebillion idagaŵana ndi gulu la Kitkit School mphotho ya madola 10 miliyoni pa mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene udayesedwa kwa miyezi 15 pa ana a m'midzi ya chigawo cha Tanga ku Tanzania. Kafukufuku winanso wa miyezi 8 pa ana a Sitandade 2 m'sukulu ziŵiri za kuno adaonetsa kuti ana a pa makina adapita patsogolo pa kuŵerenga kuposa anzao. Umboni ulipo ndithu, ngakhale kuti zimene zatheka pa sukulu ziŵiri zoyang'aniridwa ndi akatswiri ndi zina, ndipo zimene zingatheke pa sukulu 6,000 ndi zinanso.

Kodi makinaŵa amampatsa chiani mwana wotsalira chimene mphunzitsi wa ana 120 sangampatse? Choyamba ndi chinsinsi. Mwana amavala zomvera m'makutu, ndipo mphunzitsi wa m'makinamo, amene adamutcha Alefa, amalankhula ndi iye yekha m'Chicheŵa. Akalakwa palibe amene wamva, palibe amene waseka. Kwa munthu amene sadalaŵepo manyazi a kulephera pamaso pa gulu, ichi chingaoneke chaching'ono. Koma kwa mwana uja wa pafupi ndi khoma, aka kangakhale koyamba m'moyo wake kuti ayankhe funso ndi mutu wake osadikira pakamwa pa mnzake. Makina satopa, sakwiya, ndipo saloza munthu ndi ndodo. Amabwereza liwu kakhumi ngati kuli kofunika, ndipo amamuuza mwana pomwepo kuti wakhoza kapena walakwa, pamene kope lopita kwa mphunzitsi limatha kubwera patapita mlungu, mwana ataiŵala kale chimene ankaganiza polemba. Kuonjezera apo, makinaŵa amayamba amuyesa mwana pang'ono kuti ampatse phunziro lolingana ndi pamene wafika. Silabasi imathamanga ndi kalendala, osayang'ana kumbuyo. Makina amatha kubwerera ndi mwana wa Sitandade 4 kukatola chimene chidamgwa mu Sitandade 1. Kunena zoona, ichi ndicho chimene wotsalira amasoŵa koposa zonse.

Komabe dziko la Peru lili ndi nkhani yofunika kuimva. M'chaka cha 2005 a Nicholas Negroponte a ku America adalengeza maganizo opatsa mwana aliyense wa m'maiko osauka kompyuta yakeyake ya mtengo wa madola 100. Boma la Peru lidagula mazanamazana a zikwi za makompyutaŵa n'kuŵagaŵa m'sukulu za kumidzi. Akatswiri a Inter-American Development Bank atayesa sukulu 319 patatha miyezi 15, adalengeza mu 2012 kuti ana adaphunziradi kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa kuŵerenga ndi pa masamu padalibe kusintha kooneka. M'makompyutamo mudali mabuku pafupifupi 200, koma anawo sadayambe kuŵerenga kuposa kale. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kusiyana kwa Peru ndi ntchito ya kuno n'kwakuti kumeneko mwana adangopatsidwa chida n'kusiyidwa, poganiza kuti chidwi chake chidzamtsogolera, pamene tabuleti ya kuno ili ndi maphunziro osanjidwa mwatsatanetsatane ndipo simtengera mwana kwina kulikonse. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo kukupereka chifukwa chokhalira ndi chiyembekezo. Koma phunziro la Peru likadalipo: chiŵerengero cha makina ogaŵidwa si chiŵerengero cha ana oŵerenga, ngakhale kuti pa misonkhano anthu amaombera m'manja choyambacho.

Malaŵi nayenso ali ndi mbiri yake pa zida za m'kalasi. Kuyambira chaka cha 2008 pologalamu ya Tikwere inkaulutsidwa pa wailesi ya MBC, mphindi 30 pa tsiku, ndipo sukulu zidalandira mawailesi opukusa ndi dzanja osalira mabatire ogula. Ana ankaimba, kuyankha ndi kudumpha motsatira mau a pa wailesi, ndipo aphunzitsi ambiri adatengerapo njira zatsopano. Thandizo la bungwe la USAID pa ntchitoyi litatha mu 2012, mawailesi adayamba kufa imodzi imodzi, ndipo anthu adakumbukiranso kufunika kwa maphunziro a pa wailesi pamene sukulu zidatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. USAID yomweyo, imene idathandiza kwambiri Ndondomeko ya Dziko ya Kuŵerenga kuyambira 2016, idatsekedwa ndi boma la America m'chaka cha 2025. Tabuleti ndi yofooka kuposa wailesi: galasi limasweka, batire limatha mphamvu patapita zaka zochepa, zomvera m'makutu zimaduka, ndipo mbala imadziŵa kuti sola ili ndi msika. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023. Funso lakuti adzagula ndani batire lachiŵiri liyenera kuyankhidwa m'bajeti ya boma batire loyamba lisanafe.

Koma ngakhale makina onse atakhala amoyo mpaka kale, pali mbali ina ya vutoli imene iwo saifika. Kuŵerenga kuli ndi miyendo iŵiri: kudziŵa kulumikiza malembo, ndi kukhala ndi chifukwa choŵerengera. Tabuleti imalimbitsa mwendo woyamba. Mwana amatha kudina bwino pa galasi, kulondola maphatikizo onse, koma osamvapo njala yofuna kudziŵa chimene chalembedwa pa thumba la feteleza, pa kalata ya kuchipatala kapena pa uthenga umene wabwera pa foni ya amai ake. Ndiponso ntchito ya BEFIT imalekezera mu Sitandade 4. Mnyamata wa zaka 14 amene adakankhidwira mu Sitandade 6 akuŵerenga mojejema sali m'chiŵerengero chimenechi, ndipo ngakhale atampatsa makinawo, tizithunzi ndi tinyimbo tokonzera ana a zaka 6 tingangomuonjezera manyazi. Mnyamata wotere amafuna ntchito ya munthu wamkulu, imene kuŵerenga kumabweramo ngati khasu pa ulimi.

Mphunzitsi wina wa ku France, a Célestin Freinet, adaona zimenezi zaka 100 zapitazo. Iwo adabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse atavulala m'mapapo, kotero kuti sankatha kulankhula nthaŵi yaitali m'kalasi. Atayamba kuphunzitsa pa kasukulu ka m'mudzi wa Bar-sur-Loup mu 1920, adapeza ana a alimi amene ankasinza pa mabuku a boma koma ankalongolola za nkhono, mbuzi ndi za ku munda. M'chaka cha 1924 adagula kamakina kosindikizira n'kukaika m'kalasi. Ana ankanena kapena kulemba nkhani zao, kalasi n'kusankha imodzi, kuikonza pa bolodi, kenaka anawo n'kutola zilembo za chitsulo chimodzi chimodzi ndi kuzisanja kuti asindikize. Mwana amene sadasamalepo za kalembedwe ankafufuza chilembo chilichonse, chifukwa tsambalo linkapita kwa makolo ake, ndipo pambuyo pake linkatumizidwa kwa ana a sukulu ina kutali ku Brittany, amene nawonso ankayankha ndi masamba ao. Mphamvu sidali m'chitsulocho. Idali m'kudziŵa kwa mwana kuti kwinakwake kuli munthu weniweni amene akudikira mau ake.

Lero kamakina ka a Freinet kali m'thumba la aphunzitsi ambiri. Foni yamakono imajambula mau ndi zithunzi popanda intaneti, ndipo kalasi ya Sitandade 5 kapena 6 ingathe kukonza pologalamu ya wailesi ya mphindi zisanu pa mlungu: mitengo ya chimanga pa msika, mpira wa Loŵeruka, mbiri ya mudzi kuchokera kwa agogo, chenjezo la kolera nthaŵi ya dzinja. Munthu angafunse kuti kuŵerenga kuli pati pamenepa. Kuli ponseponse. Mafunso okafunsa agogo ayenera kulembedwa ndi kuŵerengedwa. Mayankho ayenera kumvedwanso ndi kulembedwa. Ndipo woulutsa ayenera kuŵerenga pepala lake mosadodoma. Akatswiri adadziŵa kale, makamaka kuchokera pa zimene a S. Jay Samuels adalemba mu 1979, kuti mankhwala a kuŵerenga mojejema ndi kubwereza ndime imodzimodzi kangapo mpaka lilime litamasuka. Vuto ndi lakuti mwana wamkulu akauzidwa kuti aŵerenge ndime kasanu, amaona ngati chilango. Koma mwana yemweyo akadziŵa kuti mau ake ajambulidwa ndipo akamveka pa msonkhano wa makolo, amabwereza kakhumi mwa kufuna kwake, namvera mau ake pa foni, nanena yekha kuti, "Aphunzitsi, pamenepa ndalakwitsa, tijambulenso." Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi Mudzi Wathu ku Mchinji ali pafupi ndi sukulu zambiri, ndipo mphindi zisanu za ana a m'dera lomwelo sizingasoŵe omvera.

Pali msampha umodzi umene wakola aphunzitsi ambiri a mtima wabwino, ndipo n'koyenera kuutchula poyera. Ntchito yotere ikayamba, maudindo amadzigaŵa okha monga madzi atsata chigwa. Mwana wodziŵa kuŵerenga amatenga pepala, wa dzanja labwino amatenga cholembera, ndipo wotsalira uja amathamangira kugwira foni kapena kuthamangitsa nkhuku kuti zisasokose. Pologalamu imatuluka yokoma, alendo amayamikira, mwanayo nayenso amasangalala kuti adali nawo; koma sadaŵerenge liwu ndi limodzi lomwe. Wangopeza khoma lina lobisalako. Mphunzitsi wanzeru amaphwanya dongosolo limeneli dala: amampatsa wotsalirayo mizere iŵiri yokha, ya mau amene iye mwini adanena, yolembedwa m'zilembo zazikulu, nampatsa mnzake womkhulupirira kuti ayeserere naye kuseri kwa kalasi. Mlungu wotsatira mizere ikhale inai. Pologalamu idzatuluka yosasalala, ndipo mphunzitsi amene akufuna kutamandidwa ndi alendo sadzakondwa nayo. Nthaŵi imene ntchitoyi imadya iyeneranso kuŵerengedwa moona: ngati maola atatu atha pa kujambula ndipo mphindi khumi zokha pa kuŵerenga, kalasiyo yaseŵera, sidaphunzire.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chake chimene chidamveka mpaka kunja. A William Kamkwamba a ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale pa nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ao adasoŵa fizi. M'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya kwao adapeza mabuku a sayansi a m'Chingerezi, limodzi la iwo lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chao chidali chochepa, monga iwo eni akhala akunenera. Ankayamba ndi chithunzi, n'kufufuza m'ndime mau amene akulongosola chithunzicho, n'kufunsa tanthauzo la mau amene aŵakanika. Ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi ndi zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ao. Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda kunena za mphepo ndi magetsi, naiŵala kuti ndi nkhani ya mnyamata wovutika kuŵerenga amene adalimbana ndi buku loposa msinkhu wake chifukwa m'bukumo mudali chinthu chimene ankachifuna. Akadapatsidwa ndime yomweyo pa mayeso, mwina akadalephera.

Njira ina yotchipa idachokera ku India, kumene a Brij Kothari adayamba mu 1996 kulimbikitsa kuti nyimbo za m'mafilimu zikamaonetsedwa pa wailesi ya kanema, mau ake azilembedwa pansi m'chilankhulo chomwecho. Munthu amene akuidziŵa kale nyimboyo amapezeka akutsata malembo ndi maso osadziŵa kuti akuphunzira. Kuno wailesi za kanema n'zochepa m'midzi, koma nyumba zoonetsera mafilimu zili pa msika uliwonse, ndipo ana amadzazamo. Oimba a nyimbo zauzimu ndi za chamba china atamalemba mau pansi pa mavidiyo ao, sangataye kanthu.

Nkhani ya chilankhulo nayonso siyenera kuzembedwa. Chicheŵa chidakhazikitsidwa ngati chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo mabuku oyambira kuŵerenga ali m'Chicheŵa ndi Chingerezi; makina aja nawonso amalankhula zomwezo. Mwana wa ku Rumphi amene kwao amalankhula Chitumbuka, wa ku Karonga wa Chinkhonde, wa ku Nsanje wa Chisena kapena wa m'midzi ya Mangochi wa Chiyao amafika pa sukulu ndi katundu wachiŵiri pamutu: ayenera kumasula malembo a mau amene tanthauzo lake salidziŵa bwino. Kusindikiza mabuku a boma m'zilankhulo zonsezi n'kodula, ndipo andale amaiopa nkhaniyi ngati moto. Koma kankhani kamene ana alemba okha, kapena kamene ajambula kuchokera pakamwa pa agogo, kamatuluka m'chilankhulo cha pamudzi popanda kudikira chilolezo cha ku Lilongwe. Bungwe la Saide la ku South Africa lidatsekula mu 2014 nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa African Storybook, m'mene aliyense angathe kutenga kabuku ka ana ka zithunzi kwaulere, kukamasulira m'chilankhulo chake kapena kulemba kake. Mphunzitsi mmodzi wa foni ndi kalasi imodzi yofunitsitsa angathe kutulutsa timabuku tingapo pa teremu.

Zonsezi zimabwerera kwa mphunzitsi, amene ena amaganiza kuti makina adzamloŵa m'malo. Ndiye amene amatsekula kabati m'maŵa, naona kuti makina atchajidwa. Ndiye angaone kuti mwana wina akungodina mwachisawawa kuti chithunzi chisinthe. Ndiye yekha angatenge chimene mwana wagwira pa galasi n'kuchisamutsira pa pepala. Ngati aona nthaŵi ya makina ngati mpata wake wopumira pansi pa mtengo, phindu lidzachepa ndi theka, ndipo munthu sangamdzudzule kwambiri mphunzitsi amene wakhala akukuwa kuyambira 7 koloko pamaso pa ana 120. Makoleji a uphunzitsi ndi alangizi a m'mazoni ali ndi ntchito yomuonetsa kuti mphindi zimene kalasi yakhala chete ndi zomvera m'makutu ndizo mphindi zokha pa tsiku zimene angathe kukhala pansi ndi ana atatu otsalira kwambiri, buku lili m'manja.

Muyeso woona wa ntchito yonseyi sudzapezeka m'makinamo. Mwana atengedwe pambali, apatsidwe pepala la nkhani imene sadaionepo, aŵerenge mokweza kwa mphindi imodzi, kenaka afotokoze zimene wamva. Ndipo zotsatira zake, boma ndi boma, zizilengezedwa chaka ndi chaka monga zilengezedwa za mayeso a Sitandade 8, makamaka za ana a pansi penipeni, pakuti chiŵerengero chapakati chimatha kukwera chifukwa cha ochenjera okha. Mwana amene adayamba Sitandade 1 m'sukulu 500 zoyamba zija mu September 2023, ngati sabwereza kalasi, adzaloŵa Sitandade 5 mu September 2027. Pamenepo tabuleti idzatsala m'kabati ya makalasi aang'ono, mabuku onse kupatula a Chicheŵa adzakhala m'Chingerezi, ndipo m'sukulu zambiri buku limodzi adzaliŵerengera pamodzi ndi anzake angapo. Mayeso ake omaliza pulaimale adzalemba mu 2031, pa pepala.